MANO OSAKUMANA BWINO AMAMANA THUPI CAKUDYA

Mwambo wa Nc'wala ukatha ku Mtenguleni kumapeto kwa mwezi wa February, m'midzi ya ku Chipata, Chadiza ndi Katete mumayamba kumveka fungo la dowe woocha madzulo ali onse. Ana amalimbirana pa moto, akulu nawonso amakukuta uku akuceza. Koma pafupi-fupi m'mudzi uli wonse mumapezeka anthu ena amene dowe akawafika m'manja amangopatsira mnzao. Wina ndi gogo amene amanena kuti wakhuta kale. Wina ndi mnyamata amene amayamba wakonola njere ndi zala, cifukwa mano ace a kutsogolo sakhudzana ngakhale atatseka pakamwa. Wina ndi bambo amene anagwa pa njinga caka catha, ndipo kucokera tsiku limenelo amatafunira mbali imodzi cabe.

Anthu amati gogoyo wakalamba, mnyamatayo ndi wosankha zakudya, ndipo bamboyo angozolowera. Koma onse atatu ali ndi vuto limodzi: mano ao a pamwamba ndi a pansi sakumana monga ayenera kukumanira. Vuto limeneli silipweteka ngati dzino lobooka, motero ambiri amakhala nalo zaka zambiri osazindikira kuti ndilo limene likusankhira thupi lao zakudya. Ndiponso ambiri sadziwa kuti kawiri-kawiri likhoza kupewedwa pa mudzi pomwepo, ndi kuti likabwera acipatala ali nazo njira zolikonzera.

DZINO LIMODZI SILITAFUNA

Akulu akale anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Ndi mmenenso ziliri ndi mano. Dzino lingakhale loyera ndi lolimba cotani, silingagwire nchito ngati lilibe linzace lokumana nalo pa nsagwada inayo.

Mwana amamera mano oyamba 20, kuyambira ali ndi miyezi pafupi-fupi 6 kufikira atakwanitsa zaka 3. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, pamwamba 16 ndi pansi 16. Mano 8 a kutsogolo amadula cakudya monga mpeni, mano 4 akuthwa amang'amba nyama, ndipo mano 20 a m'mbali ndi a kumbuyo ndiwo amapera.

Munthu wa mano okumana bwino akatseka pakamwa, mano a kutsogolo a pamwamba amaphimba a pansi pang'ono cabe, mamilimita 2 kapena 3. Mano a kumbuyo ali ndi timapiri ndi timaenje pamwamba pace, kotero kuti kaphiri ka dzino la pamwamba kamalowa m'kadzenje ka dzino la pansi monga munsi ulowera mu mtondo. Nsagwada ya pansi imayenda cokwera, cotsika ndi ca m'mbali, ndipo cakudya cimaperedwa monga mawere pa mphero. Pamenepo malovu amasakanizika naco nayamba kucigaya cisanafike m'mimba. Ndico cifukwa cace cimanga kapena mbatata zimayamba kutsekemera munthu akazitafuna nthawi yaitali.

M'caka ca 1899 dokotala wa mano wa ku America, Edward Angle, anagawa kakumanidwe kolakwika ka mano m'magulu atatu, ndipo madokotala akali kugwiritsa nchito magulu amenewa kufikira lero. M'gulu loyamba nsagwada zimakhala zolingana, koma mano amakhala othinana, osanjikizana kapena opindika. M'gulu laciwiri mano a pamwamba amatulukira kutsogolo kwambiri, nthawi zina mpaka milomo kulephera kutsekeka. M'gulu lacitatu nsagwada ya pansi ndiyo imatsogola, ndipo mano a pansi amakhala kunja kwa a pamwamba. Palinso ena amene mano ao a kumbuyo amakumana koma a kutsogolo amasiya mpata, monga mnyamata wa dowe uja, ndi ena amene mano ao a pansi amalowa kwambiri mpaka kulasa denga la m'kamwa.

KUMENE VUTO LIMACOKERA

Mbali ina ya vutoli ndi ya ku mtundu. Mwana akhoza kutengera mano akulu-akulu kwa atate ace ndi nsagwada yaing'ono kwa amai ace, ndipo mano amasowa malo. Pamenepa palibe wolakwa. Koma zifukwa zina zambiri zimayambira m'nyumba.

Coyamba ndi kutaya mano a umwana nthawi isanakwane. Makolo ambiri amaganiza kuti dzino la mwana likaola palibe kanthu, popeza lidzaguluka ndi kumera lina. Koma dzino liri lonse la umwana limasungira malo dzino lacikulire limene likukula pansi pace m'fupa. Mano a umwana a kumbuyo ayenera kukhala m'kamwa kufikira mwana atafika zaka 10 kapena 12. Limodzi likaola ndi masiwiti, mabisiketi ndi tiyi wa shuga wambiri, nkuzulidwa mwana ali ndi zaka 5, mano oyandikana nalo amasendera pa mpata umenewo. Dzino latsopano likafuna kutuluka limapeza njira yotsekeka, motero limamerera kumbali, kunja kwa mzere, kapena kutsekerezeka m'fupa.

Caciwiri ndi dzino limene makolo ambiri salidziwa. Mwana akafika zaka 6 amamera dzino lalikulu kumbuyo kwa mano onse a umwana, limodzi ku mbali iri yonse pamwamba ndi pansi, onse pamodzi 4. Mano amenewa amamera popanda lina kuguluka, cotero anthu amawayesa a umwana. Koma ndi mano acikulire amene sadzameranso akatayika, ndipo ndiwo mizati imene mano ena onse amatsatira pomera. Edward Angle anayang'ana mano omwewa pogawa magulu atatu aja. Cifukwa cakuti amamera msanga ndipo ali ndi maenje akuya, ndiwonso amene kawiri-kawiri amayamba kuola.

Cacitatu ndi kuyamwa cala. Khanda kuyamwa cala si cacilendo, ndipo ana ambiri amasiya okha asanafike zaka 4. Koma mwana akapitiriza kufikira mano acikulire a kutsogolo atayamba kumera, cala cimakankhira mano a pamwamba kunja ndi a pansi mkati, nicisiya mpata pakati pao. Mwana akasiya msanga, kawiri-kawiri mano amabwerera okha m'malo mwace. Cofanana ndi cimeneci ndi kupumira pakamwa. Mwana amene mphuno zace zimatsekeka nthawi zonse, kapena amene tinyama ta kukhosi ndi kuseri kwa mphuno tinatupa, amagona kukamwa kuli yasa ndipo amaliza mkonono. Lilime limatsika pansi m'malo mokhala ku denga la m'kamwa, ndipo nsagwada ya pamwamba ikhoza kukula yopapatiza. Mwana wotere afunika kupimidwa mphuno ndi kukhosi.

Kwa akulu cifukwa cacikulu ndi kuzula mano. Dzino likazulidwa ndipo mpata nkusiyidwa, mano a m'mbali amapendekera pa mpatawo pang'ono-pang'ono, ndipo dzino la pa nsagwada inayo, posowa lokumana nalo, limatalika ngati likufuna-funa linzace. Patapita zaka zingapo mzere wonse umasokonezeka. Munthu akataya mano ambiri a kumbuyo amayamba kutafunira a kutsogolo, amene sanapangidwire nchito imeneyo, ndipo amayamba kudyeka, kutakasuka ndi kugwedera.

Cifukwa cotsiriza ndi ngozi. Kugwa pa njinga kapena pa ngolo, kumenyedwa ndi ng'ombe, ndeu ya ku mowa, ndi ngozi za njinga zamoto zimene zaculuka m'misewu ya kumidzi, zonsezi zikhoza kuthyola nsagwada. Cizindikiro cacikulu ca nsagwada yothyoka ndico cakuti munthu amamva kuti mano ace sakukumana monga anali kukumanira dzulo.

MIMBA YOKHUTA, THUPI LA NJALA

M'dera limene cakudya ceni-ceni ndi nsima, vuto la mano osakumana limabisika mosavuta. Mbamu ya nsima ikhoza kumezedwa popanda kutafuna kweni-kweni, makamaka ikakhala ndi therere kapena msuzi. Motero munthu amacoka pa mbale atakhuta, ndipo palibe amene amaona kuti cina casowa. Cimene casowa ndi ndiwo. Munthu wosatafuna bwino amayamba kusiya nyama, kapenta wokazinga, nshawa, dowe, cinangwa, magwafa ndi ndiwo zamasamba zolimba. Zimenezi ndizo zimene zimamanga minofu, kuonjezera magazi ndi kuchinjiriza thupi ku matenda. M'malo mwace amakonda phala, buledi woviika m'tiyi ndi zakumwa zotsekemera, zimene zimaoletsanso mano otsalawo.

Amene amavutika koposa ndi nkhalamba, amai oyembekezera, ana amene akukula ndi odwala amene afunika kudya bwino kuti mankhwala agwire nchito. Gogo amene akuonda pang'ono-pang'ono popanda matenda odziwika ayenera kuyang'anidwa m'kamwa. M'caka ca 1992 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena kuti colinga cikhale cakuti munthu asunge mano ace obadwa nao osacepera 20 moyo wace wonse. Dziko la Japan linayamba kale m'caka ca 1989 kulimbikitsa anthu ace kuti afike zaka 80 ali ndi mano 20. Koma ciwerengero cokha sicikwanira. Munthu wa mano 20 okumana awiri-awiri amatafuna bwino kuposa wa mano 24 amene ambiri alibe okumana nao.

Vuto lina ndi la kutsuka. Mano othinana ndi osanjikizana amakhala ndi timakona tobisika timene mswaci umavutika kufikamo. Litsiro likakhalitsa m'menemo limauma ngati mwala, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, m'kamwa mumanunkha, ndipo m'kupita kwa nthawi fupa logwira mizu limadyeka. Matenda a nkhama sathera m'kamwa mokha. Madokotala anapeza kuti amayenderana ndi matenda a shuga: munthu wa shuga amadwala nkhama msanga, ndipo nkhama zodwala zimacititsa kuti shuga avute kutsika. Kuciza nkhama kumathandiza odwala otere. Lipoti la World Health Organization la m'caka ca 2022 linaonetsa kuti anthu pafupi-fupi 3.5 biliyoni, ndiye kuti pafupi-fupi theka la anthu onse a pa dziko, ali ndi matenda a m'kamwa a mtundu wina.

Mano otulukira kutsogolo ali pa ngozi yothyoka. Kufufuza kwa m'maiko osiyana-siyana kunaonetsa kuti mwana amene mano ace a pamwamba atulukira kupitirira mamilimita 3 ali ndi mpata woculuka kawiri wa kuthyola dzino akagwa pa mpira kapena pa njinga, poyerekeza ndi anzace. Dzino limene limagundana molakwika ndi linzace limadyeka msanga, ndipo mano a pansi olasa denga la m'kamwa amasiya zilonda zosapola.

Kalankhulidwe nakonso kamadalira mano. Pochula mau monga tsabola, dzungu ndi sukulu, lilime limafika kuseri kwa mano a kutsogolo, ndipo pochula fodya kapena vuto mlomo wa pansi umakhudza mano a pamwamba. Mwana wa mpata waukulu pakati pa mano a pamwamba ndi a pansi akhoza kuvutika ndi mau amenewa. Anzace akayamba kumuseka ndi kumupatsa maina, amaleka kuyankha m'kalasi, amaseka atachinga pakamwa ndi dzanja, ndipo aphunzitsi amamuyesa wosamva maphunziro.

Komabe si dzino liri lonse lopindika limene liri matenda. Anthu ambiri ali ndi mano osalingana pang'ono ndipo amadya ndi kulankhula bwino moyo wao wonse. Mpata waung'ono wa pakati pa mano awiri a kutsogolo, umene ambiri amauona ngati kukongola, ulibe vuto. Ndiponso kupweteka kwa mutu kapena kwa polumikizira nsagwada kutsogolo kwa khutu kawiri-kawiri kumacokera ku zifukwa zina, monga kukukuta mano usiku ndi nkhawa, motero munthu asalonjezedwe kuti kuongola mano kudzathetsa mutu. Cofunika kufunsa ndi ici: kodi munthuyo akudula ndi kutafuna cakudya bwino, akutsuka mano onse, akulankhula momveka, ndipo palibe dzino limene likuononga linzace kapena kulasa mnofu?

MMENE ACIPATALA AMAKONZERA

Kukonza kwina ndi kwa tsiku limodzi. Dzino lomatidwa ku cipatala likatalika kuposa anzace, munthu amamva kuti likugunda loyamba akatseka pakamwa, ndipo dokotala amalipala pang'ono kuti lilingane. Dzino la umwana likakana kuguluka pamene lacikulire latulukira kale kumbali, limazulidwa kuti latsopano lilowe mu mzere. Dzino la umwana la kumbuyo likazulidwa msanga, dokotala akhoza kuika kacitsulo kosunga mpata kufikira lacikulire litamera. Palinso kambale ka pulasitiki kokhala ndi waya, kamene mwana amavala ndi kuvula, kokankhira dzino limodzi kapena awiri m'malo mwace, kapena kokulitsa nsagwada ya pamwamba yopapatiza.

Mano akasokonezeka kwambiri pamafunika mawaya oongolera mano, amene pa Cingelezi amachedwa braces. Dokotala amamata tizitsulo ting'ono-ting'ono pa dzino liri lonse ndi kupisamo waya wopyapyala. Wayayo amakoka mano ndi mphamvu yocepa koma yosalekeza. Dzino silinakhomeredwe m'fupa ngati msomali. Linamangiriridwa ndi timinyewa tofewa, ndipo likakankhidwa pang'ono-pang'ono, fupa la kutsogolo kwace limasungunuka pamene kumbuyo kwace kumamera fupa latsopano. Mwa njira imeneyi dzino limasuntha pafupi-fupi milimita imodzi pa mwezi. Ndico cifukwa cace nchitoyi imatenga caka cimodzi ndi theka kufikira zaka 2 kapena 3, ndipo wodwala amabwerera kwa dokotala pakapita milungu 4 kufikira 8 kuti waya akonzedwe. Malo akacepa kwambiri, mano ena a m'mbali amazulidwa kuti otsalawo apeze pokhala.

Masiku oyamba mano amapweteka pang'ono. Nthawi yonse imene mawaya ali m'kamwa, munthu ayenera kuleka ciwaya, nzimbe ndi kuluma dowe pa citsononkho, popeza zimathyola tizitsulo, ndipo ayenera kutsuka mano mosamala kuposa kale, cifukwa zakudya zimakakamira pa waya. Mawaya akacotsedwa amapatsidwa kambale kovala usiku, kapena waya wamng'ono amamatidwa kuseri kwa mano. Wonyalanyaza cimeneci amaona mano akubwerera kumene anacokera.

Nthawi yabwino yoika mawaya ndi pakati pa zaka 11 ndi 14, pamene mano acikulire amera ndipo nsagwada zikali kukula. Akulu nawonso akhoza kuongoledwa mano ngati nkhama ndi fupa ziri zolimba, koma nsagwada zao sizikulanso, motero ngati nsagwada imodzi ndi yaitali kwambiri kuposa inzace pamafunika opaleshoni.

Kwa amene anataya mano, njira ndiyo mano oikirira. Amatseka mipata, amaletsa mano otsala kupendekera, ndipo amabwezera munthu mphamvu ya kutafuna, ngakhale kuti safika pa mano obadwa nao. Ayenera kupangidwa potengera muyeso wa m'kamwa mwa mwini wace, kuvulidwa usiku ndi kutsukidwa tsiku liri lonse.

Nsagwada yothyoka siidikira. Munthu amene wavulala ndipo mano ace sakukumana, mlomo wa pansi wacita dzanzi, kapena akulephera kutsegula pakamwa, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Madokotala amajambula fupa, amabwezera mano m'malo mwace, ndipo amamanga nsagwada ziwirizo pamodzi ndi waya kwa milungu 4 kufikira 6, kapena amalumikiza fupa ndi tizitsulo. Pa nthawi imeneyo wodwala amamwa phala lamadzi-madzi la nsinjiro, mkaka, msuzi ndi thobwa. Wocedwa milungu ingapo akuthowa ndi madzi otentha kunyumba amapeza fupa litagwirana mokhota, ndipo kulikonza kumafuna opaleshoni yaikulu.

Ana obadwa ndi mlomo wong'ambika kapena denga la m'kamwa lobooka amavutika kuyamwa, ndipo mano ao amamera mosokonezeka. Cilema cimeneci cimayamba mwana akuumbika m'mimba miyezi yoyambirira, ndipo sicicokera ku ufiti kapena ku kulakwa kwa amai. Mlomo umasokedwa mwana ali ndi miyezi 3 kufikira 6, denga la m'kamwa asanafike caka cimodzi ndi theka, ndipo mano amaongoledwa pambuyo pace. Cipatala ca Beit CURE mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2006, ndi cimodzi mwa zipatala zimene zimacita maopaleshoni amenewa.

KOPEZA THANDIZO

Poyambira ndi pa kiliniki ya pafupi, imene imatumiza wodwala ku cipatala ca pa boma kumene kuli cipinda ca mano. Ambiri mwa ogwira nchito m'zipinda zimenezi anaphunzira ku Dental Training School mu Lusaka. Amapima, kutsuka, kumata ndi kuzula mano, ndipo amadziwa vuto loyenera kutumizidwa patsogolo. M'Cigawo ca Kum'mawa odwala ovuta amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, ndipo ofunika akatswiri amapitirira ku University Teaching Hospital mu Lusaka. Kale madokotala a mano a m'Zambia anali kuphunzira kunja kwa dziko, koma m'caka ca 2011 Copperbelt University inatsegula sukulu ya udokotala ku Ndola imene imaphunzitsanso madokotala a mano.

Ngakhale ziri tero, akatswiri oongola mano akali ocepa, ndipo ambiri ali m'mizinda ikulu-ikulu. Mtengo wa mawaya ndi wokwera, ndipo banja la ku Chipata liyenera kuwerengeranso ulendo wa makilomita oposa 550 kupita ku Lusaka, kubwereza-bwereza kwa zaka ziwiri. Banja liyenera kufunsa mtengo wonse ndi ciwerengero ca maulendo lisanayambe, popeza mawaya osiyidwa m'kamwa popanda woyang'anira amaononga mano kuposa kusayamba konse.

Kudula kumeneku kwapatsa mpata anthu ena amene amagulitsa mawaya m'misika ndi pa intaneti, nawamata acinyamata ngati cokongoletsa. Waya womatidwa ndi munthu wosaphunzira amakokera mano kumene afuna, amatupitsa nkhama, ndipo zipangizo zosaphikidwa zikhoza kufalitsa matenda. Enanso amamanga mano awiri ndi kamphira kuti atseke mpata. Kamphirako kakhoza kutsetserekera pansi pa nkhama, kudya fupa, ndi kugwetsa mano onse awiri. Munthu ali yense wogwira nchito ya mano m'Zambia ayenera kukhala ndi cilolezo ca Health Professions Council of Zambia, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kuciona.

ZOCITA PA MUDZI

Popeza kuongola mano nkodula ndipo kuli kutali, phindu lalikulu liri pa kupewa. M'mera mpoyamba. Mano a umwana atsukidwe kawiri pa tsiku kuyambira pamene loyamba lamera, makamaka usiku pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Kumene mswaci wa m'sitolo wasowa, wa mtengo umathandiza ndithu ngati ufika mbali zonse za dzino. Masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zicepe. Mwana wopatsidwa dowe, mbatata, zipatso ndi nshawa zoti atafune amalimbitsa nsagwada zace, ndipo ofufuza anaona kuti mano othinana amaculuka pakati pa anthu amene anasiya zakudya zolimba nayamba kudya zofewa zokha-zokha. Koma nshawa zathunthu zisapatsidwe kwa ana aang'ono osafika zaka 5, popeza zikhoza kuwatsamwa.

Mwana akafika zaka 6 kapena 7, kholo limuyang'ane m'kamwa pa dzuwa. Lione mano 4 atsopano a kumbuyo ngati ali ndi madontho akuda, limuuze kuti alume, ndi kuona ngati mano a kutsogolo akukhudzana, ngati a pansi ali kunja kwa a pamwamba, kapena ngati cibwano cikupendekera mbali imodzi. Dzino lobooka limatidwe lisanafike poti lizulidwe. Mwana woyamwa cala amasiya msanga akamayamikiridwa masiku amene waleka kusiyana ndi kumukwapula. Akulu aleke kutsegula mabotolo ndi mano, ndipo wokwera njinga yamoto avale cisoti colimba cophimba ndi cibwano comwe.

Dzino lacikulire likaguluka lonse pa ngozi, ligwiridwe ku mutu osati ku muzu, litsukuluzidwe pang'ono popanda kupala, ndi kubwezeredwa pa dzenje lace. Zikakanika liikidwe mu mkaka ndi kuthamangira nalo ku cipatala ola limodzi lisanathe, pakuti likhoza kugwiranso. Dzino la umwana lokha ndilo silibwezeredwa.

Kwa nkhalamba zimene zikudikira mano oikirira, kapena zimene sizingawapeze, mtondo ugwire nchito imene mano alephera. Kapenta asinjidwe ndi kuthiridwa mu ndiwo, masamba atenderedwe ndi nsinjiro, nyama iduliwe tizidutswa ndi kuphikidwa mpaka kufewa, nyemba zipotedwe, mazira ndi mkaka zisasowe. Mwa njira imeneyi gogo adzalandira zonse zimene ana ndi adzukulu ace akudya.

Tsiku la 20 March caka ciri conse ndi tsiku lokumbukira umoyo wa m'kamwa pa dziko lonse, ndipo limafika dowe akali m'minda. Imeneyo ndi nthawi yabwino yakuti banja liri lonse lione amene akupatsira mnzace dowe pa moto, limufunse cifukwa cace, ndi kumuperekeza ku kiliniki mwezi usanathe.